Tekken pa PSP yakale: kupuntha mabatani si kusewera

Anzanga, ambiri mwakhala mukundifunsa za kachipangizo kakuda kamene munandiona nako pamsika Loweruka lija. Ena mumati ndi foni yakufa, ena mumati ndi kawailesi. Dzina lake ndi PSP, ndipo gemu yomenyana imene ndinkasewera ija ndi Tekken 6. Ndalemba pano kuti ndikuyankheni nonse kamodzi, komanso kuti ndikuuzeni zimene ndinaphunzira nditagonja maulendo 10 motsatizana, anthu akuonerera.

Kachipangizoka ndi kakale kuposa ambiri a ife. Kampani ya Sony ya ku Japan inatulutsa PSP mu 2004, ndipo pofika 2014 inali itasiya kuzitumiza m'masitolo. Yangayi anandisiyira achimwene anga pobwerera ku Joni. Sikirini yake ndi yokandikakandika, chitseko cha batire ndimachimanga ndi mphira, koma imayaka bwinobwino. Tekken nayo ndi nkhalakale: kampani ya Namco inatulutsa yoyamba mu 1994, ndipo Tekken 6 inafika pa PSP mu 2009. Ubwino wake kwa ife a kuno ku Mphunzi ndi woti sifuna bandulo kapena netiweki. Bola batire ikhale ndi moto, basi.

Mmene ndinachitira manyazi

Poyamba ndinkasankha Eddy Gordo, womenya uja wa ku Brazil amene amasewera capoeira, ndewu yooneka ngati gule. Ukamadina X ndi O mosalekeza, Eddy amazungulira, kuima chadodolido, miyendo ili m'mwamba. Kompyuta ya mu gemumo ndinkaigonjetsa motero, ndiye ndinayamba kudzimva kuti kuno kulibe wina.

Kenako ndinamva kuti achimwene ena amene amatchaja mafoni pa sola nawonso ali ndi PSP. Ma PSP awiri akayandikana amalumikizana popanda waya: mumangoyatsa kaswitchi ka WLAN, aliyense ali ndi gemu yake, ndewu yayambika. Ndinapita chifuwa chili patsogolo. Iwo anasankha Paul Phoenix, wa tsitsi loima ngati mtolo wa udzu uja. Eddy wanga akuvina, iwo anangoima phee, kutchinga. Ndikangomaliza kuvinako, chibakera chimodzi, ine uko. Maulendo 10! Mafana amene anatizungulira anaseka mpaka kugwira nthiti.

Pomaliza anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mphwanga, ukumenya mabatani ngati ukupuntha nyemba. Khala pansi ndikuonetse." Zimene anandionetsa tsiku limenelo, pamodzi ndi zimene ndayeserera pandekha, ndi izi.

Batani lililonse ndi chiwalo

Kumanja kwa PSP kuli mabatani anayi, ndipo mu Tekken lililonse likuimira chiwalo chimodzi cha womenya wako. La kabokosi ndi dzanja lamanzere, la thirayango ndi dzanja lamanja, la X ndi mwendo wamanzere, la O ndi mwendo wamanja. Awiri akumtunda ndi manja, awiri akumunsi ndi miyendo. Ukangodziwa zimenezi, umatha kuona nkhonya pasikirini n'kudziwa batani limene laitulutsa. Mivi ya kumanzere ija ndi yoyendera, ndipo ukaiphatikiza ndi mabatani, kamenyedwe kamasintha.

Malo atatu omenya

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Nkhonya kapena theche lililonse limafika malo amodzi mwa atatu: kumutu, pamimba kapena kumiyendo. Zotchingira zilipo ziwiri zokha. Ukagwira muvi wobwerera m'mbuyo uli chiimire, umatchinga za kumutu ndi za pamimba, koma za kumiyendo zimakupeza. Ukanjuta, umatchinga za kumiyendo ndipo za kumutu zimangodutsa pamwamba, koma za pamimba zimakupeza, ndipo zambiri zopweteka kwambiri ndi za pamimba zomwezo.

Mwaona eti? Palibe kaimidwe kotchinga zonse. Nthawi iliyonse ukusankha, mnzakonso akusankha. Akaona kuti umakonda kuima, akupinga ndale. Ukayamba kunjuta poopa ndale, akukwapula pamimba n'kukuponya m'mwamba, ndipo uli m'malere momwemo sungatchinge kanthu, amangokuwonjezera zina. Langizo kwa oyamba kumene: tchinga uli chiimire nthawi zambiri. Za kumiyendo zothamanga zimachotsa moyo pang'ono, pamene zoopsa zimachedwa moti ungathe kuziona zikubwera.

Masamu a nthawi

Amene mumati masamu alibe ntchito, imvani izi. Gemuyi imaonetsa zithunzi 60 pa sekondi imodzi, ndipo kamenyedwe kalikonse kali ndi chiwerengero cha zithunzi zimene kamatenga kasanafike. Kachibakera kofulumira ka batani la kabokosi kamatenga zithunzi 10, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 6 a sekondi. Munthu wamba kuti aone chinthu n'kusuntha chala pamapita pafupifupi kota ya sekondi, zomwe ndi zithunzi 15. Ndiye kachibakera kameneka sungakatchinge pokaona ayi, umayenera kukhala utatchinga kale. Koma ndale ya Marshall Law, ija amasesa nayo pansi mozungulira, imachedwa. Ukaizolowera umaiona, n'kunjuta nthawi yabwino.

Chachiwiri ndi ichi: aliyense akamenya, pamatenga kanthawi kuti abwerere m'malo mwake. Kumenya kwamphamvu kukatchingidwa, womenyayo amakhala pambalambanda kwa kamphindi, osatha kutchinga. Ngati kamphindiko kafika zithunzi 10, kachibakera kako kalowa ndithu, palibe chimene angachite. Ngati ndi kotalikirapo, ngati pambuyo pa ndale ya Law ija, ungamuponye m'mwamba. Umu ndi mmene Paul ankandithera. Eddy wanga ankatulutsa mateche akuluakulu motsatizana, achimwene aja n'kumangodikira kamphindi kameneka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ine ndinaziona pa sikirini yokandika.

Mnzako akangotchinga osamenya

Mwina mukuti, nanga tonse tikangoima n'kumatchinga? Gemu inaganizira zimenezo. Pali kugwira: ukadina kabokosi ndi X pamodzi, kapena thirayango ndi O pamodzi, womenya wako amagwira mnzake n'kumumenyetsa pansi ngakhale akutchinga. Wogwidwayo angathe kupulumuka akadina msanga batani la dzanja limene lamugwira: kabokosi ngati latsogola ndi lamanzere, thirayango ngati ndi lamanja. Akanjuta, manja aja amangogwira mphepo. Palinso kuzinda: ukagunda kamodzi muvi wa m'mwamba kapena wa pansi mofulumira, umapatukira kumbali, nkhonya yolunjika n'kudutsa. Komanso nthawi imawerengedwa, ikatha wopambana ndi amene watsala ndi moyo wambiri.

Chenjezo lina: mu Tekken 6 munthu akatsala pang'ono kugonja, mzere wa moyo wake umayamba kuthwanima mofiira ndipo nkhonya zake zimawonjezera mphamvu. Amati Rage. Usayambe kusangalala ndewu isanathe.

Zimene ndinachita

Ndinasiya kudumphadumpha, lero uyu mawa uyu. Ndinasankha womenya mmodzi, Law, n'kulowa mu Practice, momwe mdani samakubwezera pokhapokha utamuuza. Mndandanda wa kamenyedwe ka munthu mmodzi ndi wautali zedi, koma ine ndinatolamo zisanu zokha: kachibakera kofulumira, ya pamimba imodzi, ya kumiyendo imodzi, yoponyera m'mwamba imodzi, ndi kugwira. Zisanu zodziwa nthawi yake zimaposa makumi asanu zongolotera.

PSP nayo ili ndi zovuta zake. Mivi yake ndi yaing'ono, ndiye kudina pansi ndi m'mbuyo nthawi imodzi kumafuna kuika chala chachikulu pakati bwinobwino. M'mawa wa mu June, ndi chisanu cha kuno ku Dedza, zala zimauma moti sungachite kanthu, yamba wawotha moto kaye. Batire yanga ndi yotopa, sifika maola awiri, choncho ndimachepetsa kuwala kwa sikirini ndi kuzimitsa WLAN ndikamasewera ndekha. Ngati muli nayo kwanu ndipo batire yafufuma mpaka kukankha chitseko, ichotseni, musaitchajenso, ingathe kuyaka. PSP imagwira ntchito pa tchaja yake ya mavoti 5 ngakhale mulibe batire.

Patatha milungu itatu ndinabwerera kwa achimwene aja. Mwa maulendo 10 ndinapambana atatu. Musaseke, atatu amenewo ndinawagwirira ntchito. Ndinaona kuti akandigwetsa amakonda kuthamangira kudzandigwira ndikamadzuka, ndiye ulendo wina ndinadzuka chonjuta, manja awo n'kudutsa, ine n'kuwaponya m'mwamba. Anaseka n'kunena kuti, "Eya, tsopano wayamba kusewera ndi ine, osati ndi mabatani." Amene mumasewera bawo mukudziwa zimenezi: wodziwa sayang'ana maenje ake okha.

Ndipo musaganize kuti luso limeneli limafuna dziko lolemera. Mu 2019 mnyamata wa ku Pakistan, Arslan Ash, wochokera mumzinda wa Lahore, anapambana mipikisano iwiri ikuluikulu ya Tekken 7, wa EVO Japan ndi wa EVO ku Las Vegas. Ku Las Vegas, pa ndewu yomaliza anagonjetsa katswiri wa ku South Korea wotchedwa Knee. Nthawi imeneyo anthu ambiri kunja sankadziwa n'komwe kuti ku Pakistan kuli osewera oopsa chonchi. Malo atatu omenya aja, kutchinga ndi kudikira kamphindi, ndi zomwezo zimene zili mu PSP yanga ya mphirayi.

Kunyumba amayi anaika lamulo: PSP imatuluka Loweruka masana basi, ntchito za kumunda ndi homuweki zitatha, ndipo mayeso akayandikira imakagona m'chikwama chawo. Sindikudandaula, chifukwa ulendo wina ndinagona mochedwa nayo ndipo mawa lake ndinasinza m'kalasi mpaka aphunzitsi anandiimiritsa. Choncho musandipemphe kuti ndibwere nayo kusukulu, sizitheka. Ofuna kuyesa mundipeze Loweruka pamsika. Aliyense maulendo awiri, wogonja apatsire mnzake, atsikana ndi anyamata chimodzimodzi. Wosankha Eddy n'kumapuntha X ndi O ndamuchenjezeratu: ndidzangoima phee.

Mnzanu wa mu Fomu 3