Matumbo akafupikitsidwa, chakudya chimapita kuti?

Kukhuta nsima sindiye kuti thupi lalandira chakudya ayi. Chakudya chimalowa m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono, amene ndi otalika pafupifupi mamita 6. Kutalikaku kumapatsa thupi malo ndi nthawi yoyamwira michere.

Pali opaleshoni yothandiza anthu onenepa mopitirira muyeso, yotchedwa duodenal switch, imene dokotala wa ku America, Douglas Hess, anayamba kuchita mu 1988. Madokotala amachotsa gawo lalikulu la chifu, kenako n'kulumikizanso matumbo mwakuti ndulu imakumana ndi chakudya chakumapeto, patatsala pafupifupi mita imodzi yokha.

Ndiye taganizani: ndulu ndi imene imaphwanya mafuta kukhala timadontho. Ikachedwa kufika, mafuta ambiri amangotuluka ndi chimbudzi, atatenganso mavitamini A, D, E ndi K, poti amenewa amasungunuka m'mafuta. Vitamini A akasowa, maso saona bwino kukada. D akasowa, mafupa amafooka.

N'chifukwa chake munthu wotere, tiyerekeze ali kwa Nsamala ku Balaka, sangadalire mitanda ya nsima. Ayenera kudya pang'onopang'ono kangapo patsiku, kuyambira ndiwo zomanga thupi: usipa, mazira, nandolo. Mapiritsi a mavitamini ndi kuyezetsa magazi, zimenezo ndiye za moyo wake wonse.