"CUMSHAW": ZIKOMO WA KU CHINA AMENE ANASANDUKA DZINA LA MPHATSO

Mai akagula tomato pamsika, wogulitsa amaonjezapo mmodzi kapena awiri, nati ndi mbasela. Azungu ali ndi mwambo wofanana nao, koma kwa iwo wopereka ndi wogula: amasiyira kandalama munthu amene wawanyamulira katundu kapena kuwaperekera cakudya pahotela. M'Cingelezi muli mau angapo ochulira kandalama kotere. Ena mwa iwo ndi akuti "cumshaw", ndipo kwao kwa mau amenewa ndi ku China.

Anacokera ku cinenero ca Hokkien, cimene cilankhulidwa m'cigawo ca Fujian, kugombe la kumwera cakum'mawa kwa dzikolo, kumene kuli doko la Amoy lochedwa Xiamen masiku ano. Kumeneko, ngakhalenso ku Taiwan ndi ku Singapore, munthu pothokoza amati "kam-sia". Tanthauzo lace ndi zikomo cabe. Za ndalama mulibe m'mauwo.

Nanga zikomo anasanduka bwanji ndalama? Amalinyero a ku Britain akatsika m'zombo zao pamadoko a ku China, anali kukumana ndi anthu opempha-pempha amene anali kunena kuti "kam-sia" polandira kakobiri. Mlendo wosadziwa cinenero, pakumva mau amodzi-modzi nthawi zonse pamene dzanja latambasulidwa, anayesa kuti ndilo dzina la cinthu cimene akupempha. Lilime lacilendo linapotoza mauwo, ndipo pofika caka ca 1839 anali atalembedwa kale m'Cingelezi kuti "cumshaw".

Caka cimeneci ndico cinayambanso nkhondo pakati pa Britain ndi China cifukwa ca malonda a opiamu, mankhwala oledzeretsa amene amalonda a ku Britain anali kulowetsa m'dzikomo. Kufikira nthawiyo, kuyambira 1757, Azungu anali kuloledwa kucita malonda pa doko limodzi lokha la Canton, kumene ena mwa amalonda akulu-akulu anali a mabanja ocokera ku Fujian. Nkhondo itatha mu 1842, pangano la ku Nanking linakakamiza China kutsegula madoko asanu, ndipo Amoy anali limodzi la iwo. Zombo zinacuruka, mau nawo anayenda.

Kumene anakafika nkodabwitsa. Pakati pa asilikari a pamadzi a ku America, "cumshaw" anayamba kutanthauza kupeza zinthu mwa njira ya kumbali. Combo cikasowa utoto kapena citsulo, m'malo molemba mapepala ndi kuyembekeza milungu yambiri, msilikari wocenjera anali kutenga citini ca khofi napita naco kwa wosunga katundu padoko, nabwerako ndi cimene afuna. Eni ace sanali kukuona ngati kuba, popeza katunduyo anali kukagwira nchito pacombo ca boma lomwelo. Komabe khofiyo anali kuperekedwa cithandizo cisanacitike, ndipo m'mabuku a wosunga katundu sanali kulembedwamo.