Ulendo wa Kanyama Kodulidwa pa Chotupa

Munthu wa ku Midzemba akafika pa chipatala cha Neno ndi chotupa chosamva mankhwala, dokotala amadulapo kanyama kochepa ngati njere ya chimanga. Pakuti maso paokha sangazindikire khansa, kanyamako amakatumiza kwa akatswiri a ku Blantyre.

Poyamba amakaviika m'mankhwala otchedwa fomalini kuti kasawole. Kenaka amakachotsa madzi, nakakuta ndi phula longa la kandulo. Phulalo likalimba, amachekapo tizidutswa topyapyala koposa khoko la anyezi, natiyala pa galasi ndi kutinyika mu utoto wamitundu iwiri, kuti pa makina okuza zinthu maselo odwala asiyane ndi abwino.

Zotsala zimasungidwa, ndipo ofufuza amaphunzirapo akalandira chilolezo. M'chaka cha 1964, Anthony Epstein ndi anzake ku London anapeza kachirombo m'tinyama totumizidwa ndi Denis Burkitt kuchokera ku Uganda, todulidwa pa khansa yotupitsa nsagwada za ana.

Tsono mphunzitsi wa kumudzi ayenera kudziwa zimenezi, pakuti makolo oopa kuti nyama ya mwana wawo ikupita kwa afiti amayamba afunsa iye. Akawalongosolera bwino, mwanayo amapimidwa nthenda isanakule.