Nyimbo Ili ndi Mwini Wace

Munthu akalima munda, tonse tidziwa kuti cimanga ca m'mundamo ndi cace. Koma nanga akapeka nyimbo, kulemba buku kapena kujambula cithunzi, mwini wace wa zimenezo ndani? Lamulo likuti mwini wace ndiye amene anazipanga, ndipo wina sangazisindikize, kuzigulitsa kapena kuziimba pofuna ndalama popanda cilolezo cace. Umwini umenewu ndi cuma, ndipo monga cuma cina ciriconse, ungagulitsidwe. Apa ndi pamene oimba ambiri anapunthwa. Tiyeni tione zimene zinaonekera mmodzi wa iwo.

M'caka ca 1939, mu mzinda wa Johannesburg, Mzulu wina dzina lace Solomon Linda, pamodzi ndi gulu lace la Evening Birds, anaimba nyimbo yochedwa Mbube, ndiko kuti mkango, ndipo kampani ya Gallo inaiika pa mbale za galamafoni. Mbalezo zinagulidwa kwambiri, koma Linda anapereka umwini wa nyimboyo kwa kampaniyo pa masheleni 10 okha. Nyimboyo inaoloka nyanja. Ku America gulu la Weavers linaiimba ndi dzina lakuti Wimoweh, ndipo mu 1961 gulu la Tokens linaiimbanso ndi mau a Cingerezi, naicha The Lion Sleeps Tonight. Inamveka dziko lonse lapansi, ndalama ziri kulowa m'matumba a ena. Linda anamwalira mu 1962 ali wosauka, kotero kuti banja lace linalephera kugula ngakhale mwala wa pamanda.

Mu 1994 nyimboyo inamvekanso mu kanema wa Disney wochedwa The Lion King. Pambuyo pace akatswiri a malamulo anakumbukira lamulo lakale la Britain la 1911, limene linagwiranso nchito ku South Africa. Lamulolo linati pakapita zaka 25 wopeka atamwalira, umwini umene anagulitsa ubwerera kwa olowa m'cuma cace. Motero mu 2004 banja la Linda linasumira Disney ku bwalo la milandu. Mu 2006 mlanduwo unathera kunja kwa bwalo: kampani ya Abilene Music, imene inali kupereka cilolezo ca nyimboyo, inavomera kulipira banjalo, ndipo Linda anazindikiridwa kukhala mmodzi wa opeka ace. Cilungamo cinafika, koma cinapeza mwini wace atagona m'manda zaka zoposa 40.

Kuno ku Zambia tiri ndi lamulo la 1994 loteteza olemba ndi oimba. Umwini wa nyimbo kapena buku ukhala wa wopeka moyo wace wonse, ndi zaka 50 iye atamwalira. Liripo bungwe la ZAMCOPS, limene lisonkhanitsa malipiro kucokera ku nyumba za wailesi ndi malo ena oimbitsa nyimbo, ndi kugawira eni ace.

Tsono inu aphunzitsi ndi ana a sukulu amene mupeka nyimbo, masewero ndi ndakatulo, dziwani kusiyana kwa zinthu ziwiri izi: kuloleza munthu kugwiritsa nchito nyimbo yanu kwa nthawi yopangana, ndi kumgulitsa umwini wonse. Coyamba cifanana ndi kubwereketsa munda. Caciwiri ndiko kuugulitsa pamodzi ndi zokolola za zaka zonse za m'tsogolo. Musasaine pepala limene simunalimvetse. Funsani wodziwa malamulo, ndipo sungani kope la panganolo, pakuti akulu anati safunsa anadya phula.