Galu womwa madzi osaleka: mwina ndi shuga

Ku Mandimba, ku Ngauma ndi kunyanja ku Metangula, galu sasungidwa kuti azikongoletsa pakhomo. Ndiye mlonda wa mbuzi usiku, ndiye wothamangitsa anyani m'munda, ndiyenso mnzake wa mlenje kuthengo. Galu wotere akayamba kuwonda pamene akudya bwino, ambiri amathamangira kunena kuti wadyetsedwa mankhwala ndi mnansi, ndipo milandu ina yafika kwa amfumu motero. Koma ena mwa agaluwa amakhala akudwala matenda a shuga, omwe aja amavutitsa anthu.

Zizindikiro zake sizivuta kuziona. Galuyo amamwa madzi osakhuta, amakodza pafupipafupi, ndipo nyerere zimatha kuunjikana pamene wakodzapo chifukwa mkodzowo uli ndi shuga. Nsima amaimaliza yonse koma nthiti zili poyera. Pakapita miyezi maso amachita ng'ala, galu uja n'kumagunda nkhokwe masanasana. Agalu ambiri a shuga amachita khungu chaka chisanathe.

Gwero lake ndi kapamba. Chiwalochi chimapanga insulini, yomwe imalowetsa shuga wa m'magazi m'minofu kuti thupi lipeze mphamvu. Insulini ikasowa, shuga amangodzaza m'magazi, thupi lili ndi njala. Ndipotu anthu anazidziwa izi kudzera mwa agalu omwewa. M'chaka cha 1889, ku Strasbourg, Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering anachotsa kapamba wa galu ndipo galuyo anadwala shuga. Mu 1921 Frederick Banting ndi Charles Best, ku Toronto, anapeza insulini poyesa pa agalu, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, anakhala munthu woyamba kubayidwa mankhwalawa. Aliyense wokalandira insulini kuchipatala cha Lichinga lero ali ndi ngongole kwa galu.

Matendawa amakonda agalu achikulire, a zaka 7 kupita m'tsogolo, makamaka aakazi. Galu wamkazi akatha nyengo yofuna amphongo, thupi lake limatulutsa timadzi tolimbana ndi insulini kwa miyezi ngati iwiri, kaya watenga bere kaya ayi. N'chifukwa chake madokotala a ziweto amalangiza kuti galu wamkazi amene mwini wake safuna ana ake achitidwe opaleshoni yochotsa chiberekero ndi mazira. Njira yachidule yomubaya jakisoni wolera wa amayi ndi yoopsa: mankhwala amenewo angathe kuyambitsa shuga yemweyo. Kunenepa kwambiri ndiponso mafuta a nkhumba otsala pa phwando nazonso zimavulaza kapamba.

Kuchiza ndiye nkhani yovuta. Mapiritsi a shuga amene anthu amamwa sathandiza galu. Iye amafuna jakisoni wa insulini kawiri pa tsiku, moyo wake wonse, ndi chakudya chofanana pa nthawi yofanana. Insuliniyo safuna kutentha. Pamtunda pa Lichinga pomwe pamazizira, komanso pali magetsi ndi mafiliji, n'zotheka. Ku Cóbuè mu Okutobala ndi nkhani ina. Mlingo wake aupereke ndi dokotala wa ziweto, pakuti ukachuluka galu amanjenjemera, kukomoka, ngakhale kufa kumene. Ndipo asamumane madzi poganiza kuti asiya kukodza.

Chachikulu n'chakuti anthu asasokoneze shuga ndi chiwewe. Shuga sapatsirana, ndipo amadya galu pang'onopang'ono. Galu wa chiwewe amasintha khalidwe mwadzidzidzi, amatuluka dovu, amalephera kumeza, ndipo amafa pasanathe masiku ngati 10. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Za katemera wa agalu ndi za galu wowonda mosadziwika bwino, alangizi a ziweto amapezeka ku ofesi ya SDAE ya boma lililonse.