Hatchi yodula kuposa nyumba, mlonda wake ndani?

Mu June 1966, kutatsala milungu itatu kuti mpikisano wa Durban July uchitike, hatchi yotchedwa Sea Cottage inkapita kokachita masewera a m'mawa kugombe la nyanja cha ku Blue Lagoon mumzinda wa Durban. Munthu wina amene anabisala ndi mfuti anaiwombera. Chipolopolo chinalowa m'thako ndipo chinakhala momwemo moyo wake wonse. Hatchiyo sinalakwire munthu. Mlandu wake unali liwiro basi: anthu ambiri anali atabetcha kuti ipambana, ndiye panali ena amene akanaluza ndalama zankhaninkhani ikanatero.

Sea Cottage inachira msanga moti inathamanga nawo mpikisanowo n'kukhala nambala 4. Chaka chotsatira, mu 1967, inafika pamzere nthawi imodzi ndi hatchi ina, Jollify, ndipo zonse ziwiri zinapatsidwa chipambano. Wowomberayo anagwidwa n'kukaseweza kundende.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira mahatchi m'chigawo cha Gauteng kuno ku South Africa. Amatitchula kuti ma groom, ndipo m'makola ambiri mupezamo ife ochokera ku Malawi, anzathu a ku Zimbabwe ndi eni dziko. Amene ndimasamalira ineyo ndi mahatchi olumpha mipiringidzo, koma nkhani za anzathu a mahatchi othamanga timazidziwa chifukwa mantha athu ndi amodzi. Masiku ano kuli makamera, ziphaso ndi alonda a yunifolomu. Komabe mukafufuza nkhani zodziwika za hatchi imene inachitidwa chipongwe, funso limene limabwerabwera ndi limodzi: pa nthawiyo, pafupi ndi hatchiyo panali ndani?

Kubetcha kuti iluze

Ambiri a inu mumadziwa kubetcha mpira pafoni. Pa mahatchi pali njira inanso: m'mayiko ena, pa intaneti munthu amatha kubetcha kuti hatchi yakutiyakuti sipambana. Apa ndiye pagona vuto. Kupangitsa hatchi kuti ipambane n'kovuta, koma kuipangitsa kuti iluze kumangofuna jakisoni mmodzi ndi mphindi zochepa.

Mankhwala amene amatchulidwa kawirikawiri pa nkhani zotere ndi acepromazine, mwachidule ACP. Madokotala a ziweto amawagwiritsa ntchito pofuna kuti hatchi yaukali ikhazikike. Mu September 1990, mahatchi awiri, Bravefoot ndi Norwich, anapezeka ndi mankhwalawa atathamanga pabwalo la Doncaster ku England. Patapita zaka, Dermot Browne, amene kale anali wokwera mahatchi pamipikisano, anavomera kuti anabaya mahatchi 23 m'chaka chimenecho. Taonani, sanali mlendo wodumpha mpanda usiku. Anali munthu wa m'gulu lomwelo, wodziwa pamene makola ali ndiponso nthawi imene anthu amachokapo. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Nkhani ya posachedwapa ndi ya Viking Hoard, pabwalo la Tramore ku Ireland mu October 2018. Hatchiyo inathamanga mofooka mpaka wokwerayo anaiimitsa mpikisano usanathe. Ataiyeza anaipeza ndi ACP wochuluka pafupifupi maulendo 100 kuposa mlingo umene malamulo amalola, ndipo kunapezeka kuti wina anali ataika ndalama zambiri kuti iluza. Amene anaibaya sanadziwike, chifukwa m'makola a pabwalolo munalibe makamera. Mphunzitsi wake, Charles Byrnes, sanapezeke ndi mlandu wobaya hatchiyo, koma analandidwa laisensi kwa miyezi 6. Chifukwa chake? Iye ndi mwana wake anaisiya yokha kawiri, kwa mphindi 20 mpaka 25 zonse pamodzi, ndipo ulendo wina anapita kukadya. Mphindi 20 zokha, nthawi yoti nsima siinapse n'komwe.

Akuba ndi osinthanitsa

Kuba hatchi yotchuka n'kosiyana ndi kuba mbuzi, chifukwa sungakaigulitse pamsika. Koma zinachitikapo. Shergar inapambana Epsom Derby mu 1981 itasiya inzake kutali kwambiri, ndipo mtengo wake unafika mapaundi 10 miliyoni. Usiku wa pa 8 February 1983, anthu a mfuti ovala zobisa nkhope anafika pafamu ya Ballymany ku County Kildare, m'dziko la Ireland. Sanathyole khola. Anapita kunyumba ya mkulu wa osamalira mahatchi, Jim Fitzgerald, n'kumuopseza pamodzi ndi banja lake kuti awathandize kukweza hatchiyo m'ngolo. Anafuna dipo la mapaundi 2 miliyoni. Eni ake sanalipire, Shergar sinaonekenso mpaka lero, ndipo palibe amene anaimbidwa mlandu.

Chinyengo china n'chosinthanitsa mahatchi. Mu August 1984 pabwalo la Eagle Farm ku Brisbane, m'dziko la Australia, gulu lina linathamangitsa hatchi yaliwiro, Bold Personality, m'dzina la ina yofooka, Fine Cotton. Anaipaka mankhwala odetsa tsitsi ndi penti yoyera m'miyendo kuti zifanane. Inapambanadi, koma pentiyo inayamba kuchucha, anthu anakuwa, ndipo chinyengo chinaululika tsiku lomwelo.

Lero zotere n'zovuta chifukwa cha kachipangizo kotchedwa microchip. N'kakang'ono ngati kambewu ka mpunga, kamabayidwa kumanzere kwa khosi, ndipo kali ndi nambala ya manambala 15 imene imawerengedwa ndi kamakina kogwira m'manja. Hatchi ya mpikisano imakhalanso ndi pasipoti yake, momwe muli chithunzi chojambulidwa cha mawanga ake, malo amene ubweya umazungulira, ndi katemera yense amene inalandira. Bungwe la FEI, limene limayendetsa masewera a mahatchi padziko lonse kuchokera ku Lausanne m'dziko la Switzerland, limafuna zonse ziwirizi. Koma dziwani kuti microchip si GPS. Singakuuzeni kumene hatchi yobedwa ili. Imangotsimikiza kuti ndi yomweyo ikapezeka.

Mdani wopanda nkhope

Si nthawi zonse pamene pamakhala munthu woipa mtima. Mu 2014, Estimate, hatchi ya Mfumukazi Elizabeth II, inakhala nambala 2 pa mpikisano wa Gold Cup ku Ascot, kenako inapezeka ndi morphine. Gwero lake linali chakudya chogula chimene chinasakanikirana ndi zomera zokhala ndi mankhwalawo. Ngakhale inali hatchi ya mfumukazi, inalandidwa malowo.

Lamulo lake ndi louma. Mankhwala oletsedwa akapezeka m'magazi kapena mumkodzo wa hatchi, woyamba kuyankha ndi amene akuiyang'anira: pa mipikisano ya FEI ndi wokwerayo, pa mahatchi othamanga ndi mphunzitsi. Kunena kuti "sindinadziwe" sikubweza chikho. Ndipo makina a m'labotale amaona ngakhale kadontho. Chokoleti, khofi ndi zakumwa za kola zili ndi zinthu zoletsedwa kwa hatchi ya mpikisano. Mafuta opaka pamsana ukamapweteka akatsalira m'manja mwako, iwe n'kugwira pakamwa pa hatchi, akhoza kulowa m'thupi mwake. Munthu amene akumwa mapiritsi akakodza m'khola, hatchi n'kudya udzu wa pamenepo, mankhwalawo amakaoneka poyeza. N'chifukwa chake kukodza m'khola ndi mlandu waukulu pantchito yathu, ngakhale kunja kukuzizira bwanji.

Zimene timachita tikafika pabwalo

Tikatsitsa hatchi m'ngolo, siilowa m'khola lachilendo nthawi yomweyo. Timayamba tachotsa utuchi kapena udzu wonse wakale, kusesa, kutsuka modyera ndi kuyang'ana m'makona ngati muli zotsalira za chakudya cha hatchi ina kapena jakisoni wotayidwa. Zidebe za madzi ndi za chakudya timabwera nazo zathu, zolembedwa dzina, ndipo sitibwereka kapena kubwereketsa. Chidebe cha madzi chimakhala mkati, kutali ndi chitseko, kuti wodutsa asaponyemo kanthu.

Chakudya, mankhwala ndi zishalo zimakhala m'chipinda chokhoma, kiyi ali m'thumba mwa munthu mmodzi. Pa thumba lililonse la chakudya timasungako pang'ono pamodzi ndi pepala la nambala yake, kuti zikavuta tikhale ndi chokayezetsa. Ngolo nayo timaikhoma pokokera pake, chifukwa pa zimene ndaona ine, zishalo ndi ngolo ndi zimene zimasowa kawirikawiri kuposa hatchi yeniyeniyo.

Koma chitseko cha khola la hatchi sitiikapo loko. Ambiri amadabwa akamva zimenezi. M'khola mumakhala udzu wouma ndi utuchi. Moto ukabuka usiku, palibe nthawi yofunafuna kiyi. Ndiye poti loko palibe, loko wake ndi munthu. Pamipikisano ikuluikulu makola amazunguliridwa ndi mpanda, pageti pali alonda usana ndi usiku, ndipo wolowa amaonetsa chiphaso kapena kachingwe ka pamkono. Pamipikisano ing'onoing'ono zonsezi kulibe: ana, agalu, ogulitsa zakudya ndi ongoyenda amadutsa pakati pa makola mmene afunira. Kumeneko timasinthana. Wina akapita kukadya kapena kuchimbudzi, mnzake amakhala pakhomo. Ngati uli wekha, umapangana ndi groom wa khola loyandikana nalo amene umamudziwa bwino. Mutu umodzi susenza denga.

Chida china chachikulu ndi kuidziwa hatchi yako. M'mawa uliwonse timayeza kutentha kwa thupi, kumene kumakhala pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5 ikakhala bwino. Timayang'ana mmene yadyera, madzi amene yamwa ndi ndowe zake. Hatchi yopatsidwa mankhwala ofoola imagwetsa mutu, mlomo wa m'munsi umalendewera, maso amalemera ngati ya tulo, ndipo imakoka miyendo poyenda. Timapapasanso m'khosi motsatira mtsempha kuti timve ngati pali kotupa kapena kadontho ka magazi. Ukaona zotere, usayambe kutsuka zidebe kapena kutaya chakudya chotsala, chifukwa umenewo ndi umboni. Uza bwana, itanani dokotala ndi oyang'anira mpikisano, ndipo pemphani kuti atenge magazi nthawi yomweyo hatchi isanalowe m'bwalo.

Foni ndi lilime

Achinyamata anzanga, apa ndiye pamene ambiri timagwera. Ukaima pafupi ndi hatchi yokongola, mtima umafuna kujambula n'kuika pa status kapena pa TikTok kuti akumudzi aone kuti ku Joni zikuyenda. Koma chithunzi chimodzi chikhoza kuonetsa nambala ya khola, nambala ya galimoto ndi nthawi imene mwafika. Ukalemba kuti "tili ku lunch", wauza dziko lonse kuti kukhola kulibe munthu. Jambula, koma ukaike mutabwerera kwanu, ndipo uyambe wapempha mwini hatchi.

Woyesa sabwera ndi nkhope yoopsa. Amabwera akumwetulira, mwina akulankhula chinenero chako chomwe. "Achimwene, mwaswera bwanji? Hatchi yanuyi yadya bwino lero? Landirani kangachepe aka mugule mayunitsi." Mawa adzafunsa ngati mwendo uja wapola. Mkuja adzapempha kuti ungochokapo mphindi zisanu. Amadziwa kuti ndife alendo m'dziko la eni, kuti kumudzi akudikira ya fetereza ndi ya fizi. Koma zikaululika, iyeyo sadzaoneka. Wotsala ndi iwe: ntchito yatha, dzina laipa m'makola onse chifukwa mabwana amadziwana, mwinanso apolisi akufunsa. Yankho labwino ndi lalifupi: "Funsani abwana." Kenako ukawauze abwanawo kuti kunabwera munthu wotere.

Amene amagona pafupi ndi khola

Pa 1 November 1930 ku Melbourne, anthu ena ali m'galimoto anawombera Phar Lap, hatchi yotchuka kwambiri m'mbiri ya Australia, ikuchokera kokachita masewera. Mnyamata woisamalira, Tommy Woodcock, anaikankhira kumpanda n'kuitchinga, ndipo zipolopolo zinaphonya. Anakaibisa kufamu ina pafupi ndi Geelong, ndipo patapita masiku atatu inapambana Melbourne Cup. Woodcock ankadziwika kuti amagona pafupi ndi hatchiyo. Phar Lap inafera ku California mu April 1932, ndipo mu 2008 akatswiri atayeza ubweya wake anapeza kuti inamwa poizoni wa arsenic wambiri itatsala pang'ono kufa. Anthu amatsutsanabe ngati anachita kuithirira kapena unachokera m'mankhwala opatsa mphamvu a nthawi imeneyo.

Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti kukamveka mbiri ya akuba ng'ombe, abambo amagona khutu lili kukhola. Nzeru yake ndi yomweyo, kungoti kuno chiweto chimodzi chimaposa mtengo wa nyumba. Chodabwitsa n'chakuti munthu amene amasiyiridwa chuma chimenechi usiku nthawi zambiri ndi amene amalandira zochepa kuposa onse pabwalopo. Wadzuka 4 koloko m'mawa, wasesa makola, wasambitsa mahatchi, wanyamula madzi tsiku lonse, ndiye akuyembekezeka kukhalanso maso mpaka kuche.

Kwa eni mahatchi, mawu anga ndi awa: gulani makamera, n'zabwino, koma kamera imangokuonetsani mawa zimene zachitika lero. Bweretsani anthu okwanira kuti azisinthana, apatseni chakudya pakhola pomwepo kuti asachokepo, alipireni bwino kuti kangachepe ka mlendo kasawakope, ndipo akakuuzani kuti hatchi sikuoneka bwino, amvereni. Kwa iwe amene ukuganiza zodzayamba ntchito imeneyi, dziwa kuti kupesa ndi kumanga chishalo udzaphunzira m'milungu yochepa. Chimene mabwana amauzana akamafuna munthu n'chakuti uyu ukamusiya pakhola, umakamupeza pomwepo.