Kodi Mumadziwa? Njovu, Akazitape ndi Akambuku m'Mabuku a ku India

Kodi mumadziwa kuti buku lotchuka kwambiri la ku India lonena za kayendetsedwe ka dziko linasowa kwa zaka mazanamazana? Dzina lake ndi Arthashastra, ndipo amati analemba ndi Kautilya, mlangizi wa mfumu Chandragupta Maurya. Katswiri wina, R. Shamasastry, analipeza ku Mysore litalembedwa pa masamba a mgwalangwa, ndipo apa nʼkuti mu 1905!

M'bukuli muli za misonkho, za nkhondo komanso za mmene mfumu ingamwazire akazitape pakati pa anthu ake. Koma taganizani, mulinso lamulo loti mfumu ipatule nkhalango zosungirako njovu, ndipo wopha njovu naye aphedwe. Lamulo loteteza nyama limeneli lakhalapo zaka pafupifupi 2,000.

Koma m'zaka zaposachedwapa, chigawenga china chotchedwa Veerappan sichinaope lamulo lililonse. Mkulu wa ndevu zopota ameneyu ankapha njovu nʼkumaba mitengo yonunkhira ya sandalwood m'nkhalango za Tamil Nadu ndi Karnataka, mpaka apolisi anamuwombera mu 2004, ndipo amene anawatsogolera, K. Vijay Kumar, anatulutsa buku la nkhaniyi mu 2017. Kodi mumadziwa kuti mu 2000 chigawengachi chinagwira katswiri wa mafilimu Rajkumar nʼkumusunga m'tchire masiku 108?

Nanga nduna ya ku India yoona za maubale ndi mayiko ena ingayambe buku lake ndi filimu? S. Jaishankar anaterodi mu The India Way la mu 2020, pokumbutsa owerenga za filimu ya Satyajit Ray ya anthu awiri olemera a ku Lucknow. Iwo ali kalikiliki pa masewero a chesi, Angerezi analanda ufumu wonse wa Awadh mu 1856.

Ray yemweyo, amene analandira Oscar yaulemu mu 1992, ndi amenenso anapatsa ana a ku Bengal katswiri wawo wofufuza milandu, Feluda. Feluda anaoneka koyamba mu 1965 m'magazini ya ana ya Sandesh, ndipo pa mlandu wina akulowa m'nkhalango momwe kambuku wamizeremizere akuganiziridwa kuti wadya munthu. Nkhani zake zonse zomalizidwa zilipo 35.

Koma kambuku wodya anthu weniweni analipo, ndipo nkhani yake imaimitsa tsitsi kuposa yopeka. Anali wamkazi, wa ku Champawat, ndipo mlenje Jim Corbett atamuwombera mu 1907 anapeza kuti mano ake akuthwa a mbali imodzi anali othyoka, moti nyama zam'tchire zinkamukanika. Kodi mungakhulupirire kuti ku Nepal ndi ku Kumaon anapha anthu 436?

Chimene chimandikoka mtima pa Corbett nʼchakuti mlenje yemweyu anasanduka mtetezi wa nyamazi, nʼkuyamba kuzijambula m'malo moziwombera. Buku lake la Man-Eaters of Kumaon linatuluka mu 1944 ndipo likuwerengedwabe, pomwe National Park yoyamba ku India, yotsegulidwa mu 1936, lero imatchedwa dzina lake. Manda ake? Ali ku Nyeri, ku Kenya, komwe anamwalira mu 1955.

Ndi kumalo a Corbett komweko kumene boma la Indira Gandhi linakhazikitsira ntchito yoteteza akambuku ya Project Tiger pa 1 Epulo 1973. Jairam Ramesh, yemwe anakhalapo nduna ya zachilengedwe, analemba buku lathunthu mu 2017 losonyeza mmene mayiyu ankakondera mbalame, mitengo ndi nyama. Pamene Project Tiger inkayamba, kalembera anali atapeza akambuku 1,827 okha m'dziko lonselo.

Tsopano imvani mlandu umene ngakhale Feluda akanaukonda. Ku Sariska, m'chigawo cha Rajasthan, mabuku a boma ankasonyeza kuti akambuku alipo, powerengera mapazi awo padothi. Zitafufuzidwa mu 2005, zinadziwika kuti opha nyama mozemba anali atawamaliza, osatsala ndi mmodzi yemwe!

Manyazi amenewo anasintha kawerengedwe. Akuluakulu a zankhalango anayamba kutchera makamera m'tchire, chifukwa mizere ya kambuku aliyense ndi yakeyake ngati zidindo za zala za munthu. Pa kalembera wa 2018 makamerawo anajambula zithunzi pafupifupi 35 miliyoni, nʼkulowa nazo m'buku la Guinness.

Ndiye akambuku alipo angati tsopano? Kalembera woyamba wa njira yatsopanoyi, mu 2006, anapeza 1,411, ndipo dziko lonse linagwidwa njakata. Wa mu 2022 anapeza 3,682, kutanthauza kuti mwa akambuku anayi aliwonse okhala m'tchire padziko lapansi, atatu ali ku India!